Momwe mungayendetsere gulu lokambirana Mawu a Mulungu pa yunivesite muno mu Harare

Achinyamata olankhula Chichewa alipo ndithu pa University of Zimbabwe ku Mount Pleasant, pa Harare Institute of Technology ku Belvedere ndi m'makoleji ena a mumzinda muno, koma ambiri amangoonana Lamulungu ku tchalitchi, kaya ku Mbare, ku Highfield kapena ku Mufakose. Pakati pa sabata aliyense ali payekha. Gulu laling'ono lokumana kamodzi pa sabata limathetsa zimenezi, ndipo kuliyambitsa si kovuta. Chovuta n'kulisunga kuti likhalebe lokambirana, lisasanduke katchalitchi ka munthu mmodzi.

Musayambe ndi kumata mapepala pa zipupa. Pezani anzanu atatu kapena anayi amene akulonjeza kubwera ngakhale mvula ikugwa, ndipo aliyense aitane mmodzi. Anthu 6 mpaka 12 ndiwo muyezo wabwino. Akapitirira pamenepo amanyazi amasiyiratu kulankhula, ndiye gawani magulu awiri m'chipinda chomwecho, mukumanenso pa pemphero lotsekera.

Malo apempheni mwadongosolo. Pitani ku ofesi ya Dean of Students, mkulu woona za ophunzira, kapena kwa abusa oyang'anira zauzimu pa sukulupo, mufunse momwe magulu a ophunzira amalembetsera. Njira yachidule ndi kudziphatika ku bungwe limene lilipo kale, monga FOCUS Zimbabwe, bungwe la ophunzira achikhristu limene ntchito yake imafanana ndi ya SCOM ku Malawi, kapena gulu la achinyamata a mpingo wanu. Kalata yochokera kwa abusa kapena akulu a mpingo, mwachitsanzo a CCAP Harare Synod, imathandizanso. Pewani kukumana m'chipinda chogona cha ku hositelo: malamulo a alendo amavuta, ndipo atsikana ambiri samasuka kulowa kwa anyamata. Tsiku labwino ndi Lachitatu kapena Lachinayi, chifukwa Lachisanu anthu maganizo ali kale kunyumba. Nthawi ikhale ola limodzi ndi mphindi 15, osapitirira. Kumbukirani amene amakwera makombi awiri kupita ku Chitungwiza kapena ku Dzivarasekwa: mu June ndi July kumada 6 koloko isanakwane, ndiye mukachedwa kutseka sabata yotsatira simuwaonanso. Magetsi akathima chipinda cha mawindo aakulu chimakupulumutsani.

Za chilankhulo gwirizanani tsiku loyamba. Ambiri obadwira kuno Chichewa amachimva bwino koma kuwerenga kumawavuta, ndipo pofotokoza zakukhosi amathawira ku Chishona kapena Chingerezi. Musawaseke, ndipo musawadule pakamwa kuti muwakonze. Werengani ndime kawiri, koyamba m'Chichewa, kachiwiri m'chilankhulo china, kenako aliyense ayankhe m'chimene chabwera pakamwa. Mwa Mabaibulo a Chichewa, Buku Lopatulika, la 1922, ndi limene agogo athu analizolowera, koma mawu ake ena ndi akale. Buku Loyera, la 1998, limamveka msanga kwa wachinyamata. Amene alibe Baibulo la pepala akhoza kulipeza pa foni kudzera pa pulogalamu ya YouVersion. Alikopere pa intaneti ya pa sukulu kuti asamadye bandulo yake sabata iliyonse. Mukagula Baibulo la pamsewu m'tauni chifukwa chotchipa, liyang'anitsitseni kaye muli pomwepo, chifukwa ena amakhala osowa masamba kapena omata mopotoza.

Sankhani buku limodzi muliyende mwandondomeko. Marko ali ndi mitu 16, nkhani zake n'zazifupi ndipo zimathamanga. Ngati semesita yatsala pang'ono, tengani Afilipi, mitu 4, kapena Yakobo, mitu 5. Kumangosankha mutu wankhani sabata iliyonse, lero chibwenzi, mawa ndalama, kumakoma poyamba, koma posachedwa mumayamba kubwereza maganizo a anthu awiri omwewo.

Tsopano tafika pamene magulu ambiri amafera: mafunso. Wotsogolera amene sanakonzekere amawerenga ndime, n'kufunsa kuti, "Abale, tikuphunzirapo chiyani apa?" Chipinda chimangoti zii. Iye poona chete uja amachita mantha, n'kuyamba kudziyankha yekha, ndipo mphindi 40 zimatha akulalikira. Anthu amabwera kawiri katatu mwaulemu, kenako amasiya, poti ulaliki amaumva kale Lamulungu kwa abusa amene anauphunzira. Vuto si ulesi wa anthu ayi. Funso lija ndi lalikulu kwambiri, ndipo wophunzira safuna kuoneka wosadziwa pamaso pa anzake.

Mankhwala ake ndi kulemba mafunso 6 kapena 7 papepala kusanafike tsikulo, mutawerenga ndimeyo kangapo. Awiri oyamba akhale oti yankho lake lili m'ndime momwemo, loti ngakhale mlendo amene sanatsegulepo Baibulo akhoza kuliloza ndi chala. Tengani Marko 4:35-41, nkhani ya namondwe pa nyanja. Yambani motere: Yesu anali mbali iti ya ngalawa, ndipo ankachita chiyani? Wina ayankha kuti anali kumbuyo, atagona pa mtsamiro, ndipo pakamwa pake patseguka basi. Ophunzira ake pomudzutsa anamuuza mawu oti chiyani? Kenako bweretsani funso lofuna kuganiza: n'chifukwa chiyani vesi 41 ikunena kuti anachita mantha aakulu pamene mphepo inali italeka kale? Funso ngati limeneli lilibe yankho loloweza ku Sande sukulu, ndiye anthu amayamba kuyankhana okhaokha, osati kuyang'ana wotsogolera. Pomaliza penipeni m'pamene mufunse za moyo, ndipo likhale funso lolunjika: fizi isanalipidwe, mayeso ali pafupi, ndi liti pamene unafunsapo Mulungu ngati sakusamala? Mukayamba ndi funso limeneli anthu asanatenthe, palibe amene angayankhe zoona.

Mukafunsa, dikirani. Werengani chamumtima mpaka 10 musananene kanthu. Chete uja kwa inu amaoneka wautali, koma anzanu akuganiza. Ngati palibebe woyankha, funsani funso lomwelo m'mawu ena, osati kuliyankha. Wotsogolera asalankhule kupitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a nthawi yonse. Pemphani mnzanu wodalirika azikuuzani mukatha ngati munapyola.

Pagulu lililonse pamakhala mmodzi woyankha funso lililonse. Musamuchititse manyazi. Khalani naye pambali, osati moyang'anizana, chifukwa munthu amalankhula kwambiri akamaonana maso ndi wotsogolera. Nenani kuti, "Zikomo achimwene, timveko kwa amene sanalankhule." Zikapitirira, mukambirane naye awiri panja, ndipo mumupatse ntchito yothandiza kukoka achete aja. Koma wamanyazi musamutchule dzina mwadzidzidzi. Mupempheni kuwerenga vesi, mawu ake azolowere kumveka.

Mikangano ya Sabata, ubatizo, malilime ndi chakhumi ibwera ndithu, poti pagulu pali a CCAP, Akatolika, a Adventist ndi a Pentekosite. Ilembeni papepala, muiikire tsiku lakelake, mubwerere ku ndime. Samalaninso polankhula za Gule Wamkulu ndi Chisilamu: pakati panu pali amene atate awo kapena amalume awo ali kumeneko, ndipo mawu onyoza amodzi amathamangitsa munthu amene anabwera ndi mafunso enieni. Zimene wina waulula pa nthawi ya mapemphero zithere m'chipindamo, zisafike pa WhatsApp.

Ndalama zikhale zochepa ndi zoonekera. Maputi ndi botolo limodzi la Mazoe zimakwanira. Musinthane pogula m'malo mosonkha, chifukwa chenje cha dola chimavuta ndipo thumba la ndalama limabala manong'onong'o. Ngati mwasonkha pa EcoCash, anthu awiri azidziwa zimene zalowa ndi kutuluka. Chenjerani ndi alendo odzitcha aneneri amene amapempha mphindi zisanu, kenako n'kutulutsa mafuta odzozera ogulitsa kapena kulonjeza kukhoza mayeso ukapereka ndalama zimene amazitcha mbewu. Mlendo aliyense wofuna kulankhula ayambe wadziwika kwa abusa a pa sukulu.

Pa WhatsApp tumizani ndime ya sabatayo Lolemba, chikumbutso m'mawa wa tsikulo, basi. Nthawi ya mayeso musatseke, ingofupikitsani kukhala mphindi 30 za salimo limodzi ndi pemphero. Kuyambira mwezi wachiwiri, wa chaka choyamba kapena chachiwiri azitsogolera kamodzi pa mwezi, mafunso ake muwaonere limodzi dzulo lake. Wa chaka chomaliza asakhale yekha wodziwa kumene makiyi a chipinda amatengedwa ndi amene amasayina fomu.