Motorhome m'nyengo yozizira: kuiphimba kapena kuisiya pamtunda?

Chaka choyamba nditagula motorhome yanga (galimoto yokhala ndi pogona, pophikira ndi chimbudzi m'kati) kuno ku Yorkshire, ku England, ndinachita zomwe munthu wokulira kumudzi amadziwa: ndinagula lona wabuluu, n'kuifunditsa ngati mulu wa matumba a chimanga, zingwe n'kumangirira ku njerwa. Nditavundukula mu March, mtima unangoti myuu. Miyezi inayi yonse mphepo inkakwecheza lona uja pagalimoto, mawindo a m'mbali atakalikakalika. Mawindo amenewa si galasi ayi, ndi pulasitiki wotchedwa acrylic, sachedwa kukalika. M'kati munali fungo la chinyezi, makhushoni atachita nkhungu. Lona salola mpweya kudutsa, ndiye chinyezi chimangotsekeredwa m'kati momwemo. Mayi a kunyumba sanayankhule zambiri, anangondiyang'ana basi.

Choncho lona ayi. Mukafuna kuphimba, gulani chophimba chosokedwera motorhome, cha nsalu yolola mpweya kutuluka koma yosalowa mvula, chamuyezo wa galimoto yanu, makamaka chokhala ndi zipi pa chitseko kuti muzilowa osavula chonse. Chachikulu kwambiri chimakupizika ndi mphepo, ndipo kukupizikako ndi kumene kumawononga penti.

Koma kodi n'kofunikadi? Ine ndimati zimatengera pomwe imagona. Ngati ili pansi pa mitengo, pomwe masamba amadzaza padenga, mbalame zikuipitsira, ndere zobiriwira zikumera m'mizere ya mawindo, iphimbeni. Ngati ili pabwalo poyera ndipo mumaiyendetsa kamodzi pamwezi, isiyeni. Galimoto izi anazipangira kukhala panja. Kumbukiraninso kuti mukaphimba denga mwaphimba ndi sola yomwe, batire loyatsa magetsi a m'kati mwa motorhome limayamba kutsika pang'onopang'ono. Lichotseni mukalisunge pouma n'kumalitchaja, kapena lumikizani galimoto ku magetsi a m'nyumba nthawi ndi nthawi.

Mukaganiza zophimba, sankhani tsiku louma lopanda mphepo, zomwe mu November kuno zimasowa ngati mtengo wa mango. Itsukeni kaye kuyambira padenga, iume bwinobwino. Kamchenga kamodzi kotsalira pansi pa nsalu kamagwira ntchito ya sandipepala. Kenako fufuzani chilichonse chosongoka: mlongoti wa TV, makona a sola, magalasi a m'mbali. Magalasi apindeni, zinazo zikulungeni ndi siponji kapena masokosi akale. Ine ndimang'amba timipira ta tenesi n'kuvundikira makona. Ntchito yokweza nsalu ndi ya anthu awiri ndi makwerero, osati kudzionetsa mphamvu nokha padenga loterera. Malamba adutse pansi pa galimoto, akungike ndithu, ndipo kukaomba chimphepo pitani mukawaone.

Komatu chomwe chimawononga ndalama zambiri si mvula, ndi madzi amene mwawasiya m'mapaipi. Madzi akaundana amafufuma pafupifupi 9 peresenti, paipi kapena boyila n'kung'aluka. Tsegulani thanki ya madzi abwino, ya madzi akuda, ndi boyila, zonse zikhuthuke. Maboyila ambiri a kampani ya Truma ali ndi kavalavu kodzitsegula kokha kuzizira kukafika pa madigiri 3, koma musadalire kameneka kokha. Mipopi yonse muisiye yotsegula, chogwirira chili pakati pa madzi otentha ndi ozizira, ndipo paipi ya shawa muigwetse pansi idonthe. Kaseti ya kuchimbudzi (thanki yochotseka yolandira zonyansa) muitsuke, muisiye youma.

Zotsalazo n'zachangu. Tsekani gasi pa silinda. Firiji muisiye yotsegula pang'ono, makabati chimodzimodzi, makhushoni muwaimike kuti mpweya uzizungulira. Chakudya chilichonse chituluke, ngakhale kapaketi ka shuga, chifukwa mbewa za kuno zimadyanso mawaya. Handibuleki ikakhala yokoka miyezi yambiri imakakamira, ndiye isiyeni mu giya, matayala muwatchinge ndi zotchingira. Ngati simuiyendetsa n'komwe ndipo ili pamalo anu, osati mumsewu, mutha kulembetsa SORN (chidziwitso chakuti galimoto sikuyenda pamsewu) ku DVLA, ofesi ya boma yolembetsa magalimoto, kuti musalipire msonkho wa pamsewu miyezi imeneyo.

Yanga chaka chino sindinaiphimbe. Ndinaisuntha kuichotsa pansi pa mtengo wa aneba, ndinaipaka polishi mu October, ndipo Loweruka lililonse lachiwiri ndimakatsegula chitseko, kununkhiza m'makabati, n'kuisuntha pang'ono kuti matayala asaphwatalale mbali imodzi.