Pulinta ikungophethira nyali osasindikiza: yambirani apa musanakwere minibasi ya ku Limbe

Tsiku lina mwezi wa June, chiperoni chitagwa masiku atatu osalekeza, mphunzitsi wina anafika pakashopu kanga pa Chitakale ku Mulanje ndi fulashi m'manja. "Achimwene, mayeso a Sitandade 6 awa, makope 60, ndiwapeze 2 koloko." Ndinadina Print. Pulinta inakoka pepala pang'ono, n'kulisiya, n'kuyamba kuphethira nyali ya olenji. Ndinatha ola lathunthu ndikusuzumira m'kati, mpaka kuganiza zoinyamula kupita nayo kwa okonza ku Limbe. Chikhalirecho vuto linali limu ya mapepala yomwe inagona pasimenti usiku wonse n'kumwa chinyezi. Nditatsegula limu yatsopano, makope onse anatuluka bwinobwino, aphunzitsi aja n'kumapita akundiseka.

Kuchokera tsiku limenelo ndinaphunzira kuti nyali zija siziphethira chisawawa. Pulinta imakhala ikunena pomwe pakupweteka. Ndiye musanagwire sikuludiraiva kapena chikwama cha ndalama, tsatani izi.

Choyamba, werengani nyaliyo

Khalani pansi muiyang'ane. Ndi nyali iti yomwe ikuphethira? Yayaka osathima, kapena ikuthimathima? Ikutero kangati isanapume?

Pa Canon PIXMA zing'onozing'ono monga MG2540S, nyali ya olenji imaphethira mowerengeka, n'kupuma, n'kubwerezanso. Kawiri ndiye kuti sikupeza pepala. Katatu, pepala latsakamira m'kati. Kanayi kapena kasanu, katiriji (kabokosi ka inki) sinakhale bwino kapena pulinta sikuizindikira. Maulendo 8, siponji yomwe imamwa inki yotayika yatsala pang'ono kudzaza. Maulendo 13 kapena 16 ndi nkhani ya kutha kwa inki. Koma mukaona nyali ya olenji ndi yobiriwira zikulandizana, vuto ndi la m'kati mwa makina.

Epson za matanki a inki, monga L3110 kapena L382, zili ndi zizindikiro pambali pa nyali: kapepala ndi kadontho. Kapepala kakayaka osathima, mapepala atha kapena alowa angapo nthawi imodzi. Kakamaphethira, pepala latsakamira. Kadontho kakayaka, nkhani ndi ya inki. Zonse ziwiri zikamaphethira, werengani mpaka kumapeto kwa nkhani ino, ndafotokoza. HP DeskJet nazo zili ndi nyali ya katiriji yakuda ndi ya katiriji yamitundu, ndipo yomwe ikuphethira ndiyo ikulozerani wolakwa.

Musaiwale kuyang'ana pa kompyuta. Nthawi zambiri pamatuluka kabokosi kokhala ndi uthenga kapena nambala monga 5100 kapena 5B00. Ambirife timangokatseka osawerenga. Jambulani ndi foni, mudzaifuna nambalayo.

Chachiwiri, izimitseni mwaulemu

Dinani batani lozimitsira, dikirani nyali zonse zithime, zulani chingwe kusoketi, papite mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako yatsaninso. Magetsi akathima pulinta ili pakati pa ntchito, hedi (kachipangizo komwe kamathira inki papepala) imaima pakatikati osabwerera pamalo pake, ndipo akayaka pulinta imadzuka yosokonezeka. Kuizimitsa chonchi kumaibwezera nzeru. Chizolowezi chozimitsira pakhoma pulinta ili chiyakire ndi choipa: hedi imagona yosavundikira, inki n'kuuma m'timabowo take.

Chachitatu, mapepala

Apa ndiye pagona nkhani kwa ife okhala m'tsinde mwa phiri la Mulanje, ngakhalenso anzathu a ku Thyolo ndi Bvumbwe. Pepala limamwa chinyezi ngati mchere. Nyengo ya chiperoni komanso ya dzinja, mapepala amafewa, amapindika m'makona, amamatana awiriawiri. Timagudumu ta labala tomwe timakoka pepala timangoterereka pamwamba pake, pulinta n'kumanena kuti mulibe pepala chonsecho mwadzaza.

Chotsani mapepala onse. Gwirani limodzi: louma limalira kuti phwa mukaligwedeza, lonyowa limangolendewera ngati tsamba la mpiru lofota. Tengani ochepa ouma, 20 kapena 30, muwapeperetse ndi chala ngati mukuwerenga ndalama kuti alekane, muwagogode pathebulo alingane, ndi kuwaika. Sendezani kotsekera m'mbali kaja kangokhudza mapepala, osawafinya. Mukatero dinani batani lopitirizira ntchito.

Limu yotsala ibwezereni m'chikutiro chake, muipinde kukamwa, muiike pamwamba, osati pasimenti kapena kutsamira khoma. Ine usiku ndimachotsa ngakhale omwe ali mu pulinta n'kuwatsekera m'jumbo. Ndipo mapepala omwe munasindikiza kale mbali imodzi, makamaka ochokera mu fotokope, samalani nawo. Ambiri amabwera ndi ma sitepulo obisala pakona.

Ngati mapepala ndi ouma koma sakukokedwabe, timagudumu tija tadetsedwa ndi fumbi. Zulani chingwe cha magetsi, nyowetsani pang'ono kansalu koyera kosathothoka ulusi ndi madzi, mutipukute mukutizungulitsa ndi chala. Tiume kaye musanayatse.

Chachinayi, suzumirani m'kati ndi tochi ya foni

Pepala likatsakamira, zimitsani pulinta, tsegulani chivundikiro, muligwire ndi manja awiri n'kulikoka pang'onopang'ono. Mukalikoka mwaukali limang'ambika, ndipo kachidutswa kochepa ngati chikhadabo n'kokwanira kuti nyali iziphethirabe mpaka mawa. Mukalitulutsa, liyaleni pathebulo muone ngati lili lathunthu.

Unikani paliponse, makamaka polowera mapepala kumbuyo. Mu mapulinta omwe anthu andibweretsera ndapezamo chotsekera bolopeni, kandalama kachitsulo, njere ya chimanga, ngakhale nalimata wouma. Mphemvu nazo zimakonda kufunda kwa m'katimo.

Chingwe chili chozula, kankhani pang'ono chonyamula makatiriji muone ngati chikuyenda momasuka uku ndi uku. Chikakana musachikakamize, mapulinta ena amachikhoma chikakhala pamalo pake. Kumbuyo kwake kuli kalamba kopyapyala ka pulasitiki koonekera, kotambalala kuchoka mbali ina kufika ina. Kamenako ndi komwe pulinta imawerengera pomwe hedi yafika. Kakapakika inki kapena girisi, hedi imakagunda kukhoma kuti gu, ndipo pa Canon mumaona 5100. Kapukuteni mofatsa ndi kansalu konyowa pang'ono, osakakoka, chifukwa kakamasuka m'mbali n'kovuta kubwezera.

Chachisanu, katiriji ndi inki

Pa mapulinta a makatiriji awiri, monga Canon ya PG-445 ndi CL-446 kapena HP ya 123 ndi 305, tulutsani katiriji yomwe ikudandaulidwa. Ngati ndi yatsopano, onani ngati munamatula katepi kotseka kunsi. Musaseke, zimachitika. Kenako yang'anani timadontho ta mkuwa takumbuyo kwake. Tikapakika inki kapena thukuta la zala, pulinta siizindikira katirijiyo. Pukutani ndi kansalu kouma, kapena kodonthezera pang'ono spiriti, tiume, muibwezere mpaka imveke kuti tswa. Yakuda kwake, yamitundu kwake. Nambala ya katiriji ikhale yomwe pulinta yanu imafuna. Kufanana maonekedwe si kanthu.

Ambirife timathiritsa inki m'makatiriji akale chifukwa atsopano mtengo wake ndi wolemetsa. Dziwani kuti pulinta simaona inki yomwe mwathirayo, imangowerengera yomwe yagwiritsa ntchito, ndiye imanenabe kuti inki yatha. Pa Canon, dinani batani la Stop osalisiya kwa masekondi 5 kapena kuposerapo, ipitiriza kusindikiza. Kungoti kuyambira pamenepo mlonda wa inki ndinu: mukaona zilembo zayamba kufuwa, siyani msanga, pakuti katiriji yosindikiza ili youma imapsa ndipo sidzukanso.

Pa Epson za matanki, yang'anani ndi maso kuti inki isatsike kupitirira mzere wam'munsi, kuopa kuti mpweya ungalowe m'timapaipi. Thirani inki ya nambala yake, 103 pa L3110, 664 pa L382. Zina zakale monga L210 zili ndi kotsekera inki ka paulendo. Kakakhala kotseka mapepala amatuluka oyera.

Chachisanu ndi chimodzi, mwina wolakwa ndi kompyuta

Nyali zikakhala bwino koma pulinta ili duu, sinthani polowetsa chingwe cha USB, ndipo onani ngati mwasankha pulinta yoyenera. Pa Windows tsegulani mndandanda wa ntchito zodikira, mufufute zonse. Ntchito imodzi yokanika imatsekereza zinzake ngati lole yofera pamlatho wa Ruo. Onaninso kuti pa "Use Printer Offline" palibe chochonga. Zikakana kufufutika, zimitsani kompyuta ndi pulinta, muyatsenso.

Ikamasindikiza mizeremizere kapena pepala loyera

Timabowo ta hedi tatsekeka, kawirikawiri chifukwa pulinta yakhala milungu osagwira ntchito. Pitani pa Maintenance mu kompyuta, sindikizani Nozzle Check. Mizere ikatuluka yodukaduka, chitani Head Cleaning, muyesenso. Mukachita katatu osasintha, lekani, igone maola 12 ili yozimitsa, mudzayese mawa. Kutsuka mobwerezabwereza kumamwa inki yambiri, ndipo inki yonseyo imakathera mu siponji ya pansi ija. Kusindikiza kapepala kamodzi ka mitundu yonse sabata iliyonse kumatchipa kuposa zonsezi.

Pomwe muyenera kuimira

Siponji ikadzaza, Epson imaphethira kapepala ndi kadontho, limodzi kapena molandizana malinga ndi mtundu wake, ndipo pa kompyuta pamatuluka uthenga wonena za "ink pad". Canon imaonetsa 5B00. Apa mabatani sathandiza. Anyamata ambiri okonza amangobwezera kauntala yowerengera inki yotayikayo pa ziro ndi pulogalamu, pulinta n'kuyambanso kugwira. Afunseni kuti, "Nanga siponjiyo mwasintha, kapena mwaichapa?" Ikasiyidwa yodzaza, tsiku lina mudzapeza inki yakuda italowerera pathebulo. Pulogalamu zomwezo za pa intaneti zambiri zimabwera ndi mavairasi, musamangoziika pa kompyuta ya bizinesi.

Chimodzimodzinso mukamva fungo la kupsa, kapena pulinta ikangokhala zii mphezi itaomba: zulani chingwe, musayeseyese.

Poinyamula kupita nayo kwa okonza, tsekani zivindikiro za matanki, siyani makatiriji m'kati momwemo, ndipo muiike pamiyendo ili chokhala monga imakhalira pathebulo. Kondakitala akanena kuti "Bwana, tiyeni tiiike kumbuyo chopendeka", kanani. M'makona a ku Thyolo inkiyo ifika ku Limbe itasakanikirana. Chithunzi cha nambala ija chikhale mu foni, ndipo tengani chingwe chake cha magetsi.