Kuika fyuluta ya nanofiber pa thirakitala

Pa thirakitala yolima m'fumbi la mu Okutobala, ine ndimaika fyuluta ya mpweya ya nanofiber, monga Ultra-Web ya kampani ya Donaldson. Pamwamba pa pepala lake losefera mpweya amayalapo timaulusi tosaoneka ndi maso, toonda kuposa tsitsi kutalitali, ndiye fumbi limatsakamira kunja osalowerera mkati mwa pepalalo. Injini imakoka mpweya bwino kwa nthawi yaitali.

Poika, yambani mwapukuta mkati mwa bokosi lomwe fyulutayo imakhalamo pa thirakitala ndi kansalu konyowa pang'ono. Kenako yang'anitsitsani labala wa m'mphepete, ndipamene ambiri amalakwitsa. Akang'ambika kapena akakhala mopendama, fumbi limadutsira pambali n'kukadya mapisitoni a mu injini.

Chonde musaimenyetse pa tayala pofuna kukutumula fumbi, musaichapenso. Timaulusi tija sitichedwa kuduka. Ikatsekeka, ikani ina.