Chimbudzi choti munthu waulumali alowe yekha: malangizo kwa makomiti a m'midzi

Midzi yambiri itagwirizana zothetsa mchitidwe wodzithandiza kutchire, zimbudzi zinamangidwa pakhomo ndi pakhomo. Koma powerenga tinawerenga makomo, osati anthu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 10 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali. Onjezanipo agogo a maondo ouma, odwala sitiroko ndi amayi oyembekezera amene atopa. Ambiri mwa iwowa chimbudzi chili pakhomo pawo pomwepo koma salowamo, kapena amalowa chokwawa, manja akugwira pomwe ena aponda ndi kuphonya.

Zotsatira zake sizioneka msanga. Munthu amayamba kumwa madzi pang'ono ndi kudya mochepa kuti asavutitse womunyamula, kenako amadzimbidwa kapena kudwala chikhodzodzo. Mwana wamkazi wa pakhomopo amajomba kusukulu chifukwa ndi iye wonyamula agogo. Ena amadikira mdima kuti akadzithandize kuseri kwa nyumba, ndipo atsikana ndi amayi aulumali ndi pamene amagwiriridwa. Kolera wa 2022 ndi 2023 anatikumbutsanso kuti munthu mmodzi akatsala kunja kwa chimbudzi, ntchentche sisankha mbale.

Ntchitoyi isayambe ndi njerwa. Iyambe ndi mwini wakeyo. Anthu awiri a komiti, ndipo ngati ndi mayi kapena mtsikana akhale amayi okhaokha, apite kukacheza naye padera. Funsani iyeyo, osati womusamalira yekha. Mupempheni ayende nanu kuchokera pomwe amagona mpaka m'chimbudzi, atavala, monga amachitira masiku onse, inu mukuona pomwe akuima, pomwe akugwira, pomwe akupempha dzanja. Tengani tepi yoyezera. Miyezo tikupatsaniyi ndi poyambira chabe. Thupi la munthuyo ndi njinga yake ya aulumali ndizo zotsiriza kulamula.

Njira ndi chikweza

Ngati mukukumba chatsopano, chikhale pafupi ndi nyumba, osapitirira mamita 15, koma chitalikirane ndi chitsime kapena mjigo ndi mamita osachepera 30. Njira ikhale yotambalala masentimita 90, ndipo 120 ndi bwino koposa ngati pali wina woyenda pambali. Zulani zitsa ndi mizu, tsirani dothi la pachulu kapena timiyala, sinjani mpaka lilimbe. Mchenga wokhawokha musathire: mateyala a njinga ndi nsonga za ndodo zimamira. Pakati pa njira pakwere pang'ono kuti madzi a mvula azitsikira m'mbali.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi pa chikweza cholowera. Zimbudzi zathu timazikweza poopa madzi, ndiye mmisiri amangothira dothi pang'ono pakhomo n'kunena kuti njira ya njinga yatheka. Lamulo lake ndi ili: pa sentimita imodzi iliyonse yokwera, njira italike masentimita osachepera 12. Ngati pansi pa chimbudzi pakwera masentimita 20, chikweza chitalike masentimita 240. Pakakwera 30, chitalike 360. Umenewu ndi muyezo wa munthu wa manja amphamvu. Kwa mwana kapena nkhalamba werengerani 20 pa sentimita iliyonse, kutanthauza mamita anayi pa chikweza cha masentimita 20. Chikafupika, njinga imabwerera chambuyo kapena kugadabuka, ndipo munthu uja amafunabe womukankha, ndiye palibe chomwe mwasintha.

Pamwamba pa chikwezacho, pakhomo penipeni, pakhale malo athyathyathya a masentimita 120 mbali zonse. Popanda malowa munthu amayenera kugwira teyala ndi dzanja limodzi kuti asatsetsereke, lina akulimbana ndi chitseko. M'mbali ikani mzere wa njerwa wotumphuka pang'ono kuti teyala lisagwere kunja. Mukathira simenti musasalaze ndi chitsulo. Ikadali yaiwisi pitsanipo tsache mopingasa kuti pakhale pokhakhala, chifukwa simenti yosalala ikanyowa imaterera ngati therere.

Dziwani kuti si onse amene chikweza chimawathandiza. Ena oyendera ndodo amakhazikika bwino pa masitepe. Akatero, sitepe iliyonse isapitirire masentimita 15 kukwera, zonse zikhale zofanana, popondapo pakwane phazi lonse ndi ndodo, ndipo pambali pakhale chogwirira.

Khomo ndi m'kati

Khomo litambalale masentimita 90, kapena yezani njinga kuchokera teyala kufika teyala n'kuonjezerapo malo a zigongono. Chitseko chizitsegukira kunja. Chotsegukira m'kati chimadya malo, ndipo munthu akagwa n'kuchitsamira, simungalowe kukamudzutsa. M'kati mwa chitseko khomani kamtengo kopingasa kapena chingwe chokokera potseka, ndipo mpiringidzo ukhale waukulu woti munthu akankhe ndi chikhatho kapena chigongono; timaloko ting'onoting'ono sitigwirika ndi zala zofooka. Chiguduli pakhomo n'chosavuta kulowa, inde, koma mphepo ikaomba munthu amene amatenga nthawi kuvula ndi kuvala amakhala pambalambanda. Pansi pa khomo pasakhale chopunthwitsa.

Kuti njinga itembenuke m'kati pamafunika malo a masentimita 150 m'litali ndi 150 m'lifupi opanda kanthu. Bowo lisakhale pakati. Likhale chakumbuyo, cha kukona, kuti njinga iime pambali pa mpando.

Mpando ndiwo mtima wa ntchitoyi, chifukwa vuto la ambiri ndi kunjuta ndi kudzukanso. Wophweka ndi mpando wathabwa wolimba, wobooledwa pakati, woikidwa pamwamba pa bowo. Msinkhu wake woyenera ndi woti munthu akakhala mapazi onse agunde pansi, nthawi zambiri pakati pa masentimita 35 ndi 45 kwa wamkulu. Kwa wa njinga, ufanane ndi mpando wa njingayo kuti azingosendera. Palani m'mphepete mwa bowo mpaka musalale, pakani penti wamafuta kuti mkodzo usalowe m'thabwa. Izi n'zofunika kwambiri kwa amene anavulala msana ndipo samva kupweteka kumunsi: kachitsotso kakang'ono kamayambitsa chilonda chotenga miyezi kupola. Miyendo ya mpando ilowe m'timaenje tosema pansi kuti usasunthe. Pakati pa mpando ndi bowo ikani chidebe chapulasitiki chodula kunsi kuti zonse zizigwera m'dzenje. Mukapanda kutero pansi pamada, apabanja amanyansidwa, ndipo posakhalitsa mpando uja mudzaupeza utatayidwa kuseri.

Mpando wa njerwa ndi simenti umakhalitsa ndipo umatsukika, koma ndi wolemera. Umangeni pokhapokha ngati pansi pali silabu ya konkire. Pa chimbudzi cha mitengo ndi dothi, chiswe chimadya mitengo mobisa, ndipo kulemera kwa njerwa kukaphatikizana ndi munthu pansi pangathe kugumuka. Kumalo a mchenga ndi kumadambo wakani njerwa m'dzenje. Mvula ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 inagwetsa zimbudzi zambiri m'chigawo cha kummwera, ndipo munthu wosatha kuthamanga sangadzipulumutse dzenje likayamba kugwa.

Zogwirira zikhale mbali zonse ziwiri za mpando ngati malo alipo, pa msinkhu wa masentimita 70 mpaka 80, kapena pomwe mwini wake wakuonetsani. Paipi yachitsulo ndi yabwino. Bulugama wouma kapena nsungwi yokhwima zimagwiranso ntchito. Musakhomere m'khoma la zidina, zimazuka munthu atatsamira ndi thupi lonse. Zikani mizati pansi masentimita 50, mutaipaka oyilo wakutha kunsi poteteza chiswe, ndipo munthu wamkulu ayambe waiyesa poilendewera. Kwa amene amatha kunjuta koma kudzuka kumavuta, chingwe chokhuthala cha mfundomfundo chomangidwa pa mtanda wolimba wa denga chimakwanira.

Osaona, okwawa, ndi za kusamba m'manja

Kwa munthu wosaona, mangani chingwe pa msinkhu wa m'chiuno pa mizati kuchokera pakhomo la nyumba kufika pachimbudzi. Apabanja auzidwe kuti si choyanikapo zovala, ndipo makasu, mitondo ndi nkhuni zisasiyidwe m'njiramo. M'kati, zopondapo ziwiri zotumphuka m'mbali mwa bowo zimauza mapazi pomwe pali bowo, motero safunika kufufuza ndi manja. Chivindikiro chikhale cha chogwirira chachitali ndipo chizikhala mbali imodzimodzi. Kwa oona pang'ono, kuphatikizapo anthu ambiri achialubino, pakani laimu m'mphepete mwa khomo ndi pa miyala ya m'njira, ndipo siyani mpata pansi pa denga kuti muziwala.

Wokwawa amusemere timatabwa tiwiri tokhala ndi zogwirira toyendera m'manja, ndi zidutswa za teyala zomanga m'maondo, ndipo pansi pazikolopedwa tsiku ndi tsiku.

Mpondagiya tonse timaukonda, koma umafuna phazi loponda ndi lina loimira. Wa ndodo kapena wa njinga sangathe. Muikireni chidebe cha mpopi pa kathandala ka msinkhu woti afikire atakhala, pamalo athyathyathya aja, sopo atamangidwa pa chingwe, ndipo madzi otayika akumbiridwe kadzenje ka miyala kuti pasachite matope.

Usiku, kapena kwa wodwala kwambiri, mpando womwewo ungakhale m'nyumba, pansi pake pali ndowa ya chivindikiro yothiramo phulusa pang'ono. M'mawa zikatayidwe m'chimbudzi, ndowa itsukidwe ndi sopo kapena kolorini, wotayayo asambe m'manja. Ichi chisakhale chifukwa chomutsekera munthu m'nyumba usana wonse.

Agwire ntchitoyi ndani

Mabanja ofunika thandizoli kwambiri ndi omwe alibe wokumba dzenje, monga ambiri olandira Mtukula Pakhomo. Kuwalipiritsa chindapusa chifukwa chosowa chimbudzi n'kulakwa. Amfumu ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi alembe makomo oterewa mothandizana ndi mlangizi wa zaumoyo, osaiwala obwera kumene, monga osamutsidwa ndi madzi osefukira, amene alibe abale pafupi ndipo sadziwa kokadandaula. Kalabu ya achinyamata ikumbe ndi kuumba njerwa, kalipentala wa m'mudzi akhome mpando ndi chitseko, ndipo misomali, penti ndi thumba la simenti zingachokere ku ndalama za zadzidzidzi za banki mkhonde kapena ku mpingo ndi mzikiti. Zimbudzi za kusukulu, za ku mkombaphala ndi za kutchalitchi ziyezedwe ndi tepi yomweyo.

Ngati vuto ndi njinga yosayenera thupi, ndodo zazifupi kapena chilonda cha pamatako, zimenezo si za mmisiri wa m'mudzi. Tumizani munthuyo kuchipatala, ndipo dziwitsani ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya pa boma lanu, kapena alangizi a bungwe loona za anthu aulumali la MACODA, lomwe kale linkatchedwa MACOHA.

Pakatha milungu iwiri bwereraniko mukamufunse ngati akulowa yekha ndi pomwe pakumuvutabe. Nthawi zambiri pamafunika kutsitsa chogwirira kapena kudula miyendo ya mpando pang'ono. Mvula ikatha pitaninso mukagwedeze mizati, muone ngati chiswe chalowa, ndipo mukwirire pomwe madzi akokolola m'munsi mwa chikweza.