Momwe mungasanjire masewera a RPG a patebulo kuti gulu lanu lidziwe poyambira

Masewera a RPG (role-playing games, momwe osewera amatenga mbali za anthu a m'nkhani) a patebulo alipo ambirimbiri, ndipo munthu watsopano akafunsa kuti “tiyambe ndi ati?” amangolandira mndandanda wa mayina a Chingerezi. Amauyang'ana n'kuusiya. Wina amakopera buku la masamba 600 pafoni, bandulo n'kuthera pomwepo, kenako n'kuzindikira kuti masewerawo akufuna madayisi omwe saoneka wamba mumsika waukulu wa Zomba kapena ku Mpondabwino.

Kwa amene simunawaonepo, amayenda chonchi. Anthu atatu, anayi kapena asanu amakhala mozungulira tebulo kapena pamkeka. Mmodzi ndi wotsogolera: amafotokoza malo, anthu ndi vuto limene lagwa. Enawo aliyense amatenga mpangankhani wake n'kumanena zimene mpangankhaniyo akuchita. Chinthu chikakhala chokayikitsa, amaponya dayisi. Zili ngati nthano ya madzulo, kungoti omvera samangovomera kuti “tili tonse”, amalowa m'nkhanimo n'kuikhotetsa.

Kumene masewerawa anachokera amakonda kuwasanja potengera nkhani: awa ndi a malupanga ndi matsenga, awa a m'mlengalenga, awa oopseza. Kusanja kotero n'kwabwino kwa munthu amene ali ndi sitolo pafupi yogulitsa zonse zofunika. Ife funso lathu ndi lina: ndi ati amene tingasewere Loweruka likubwerali ndi zimene tili nazo m'manja? Mndandanda wa gulu lanu uziyankha funso limeneli.

1. Yambani mwawerenga zimene muli nazo

Tengani kope limodzi. Lembani kuti mulipo angati, madayisi alipo angati komanso a mtundu wanji, ndani amawerenga Chingerezi cha malamulo osatopa, ndiponso ndani angathe kusindikiza masamba angapo. Lembaninso maola amene mumakhala pamodzi mukakumana. Musalembe amene mumalakalaka, lembani enieni.

2. Gawani potengera madayisi

Apa ndi pamene pagona ntchito yambiri, chifukwa dayisi ndi imene imaweruza ngati masewera achitika kapena ayi, komanso ndi imene imapereka kakomedwe kake.

Banja loyamba ndi la dayisi ya mbali 20, imene osewera amangoitchula kuti d20. Kholo lake ndi Dungeons & Dragons, yomwe Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974. Mtundu wake wachisanu unatuluka mu 2014 ndipo unakonzedwanso mu 2024. M'bale wake ndi Pathfinder ya kampani ya Paizo, ya mu 2009. Mumaponya d20, n'kuphatikizapo nambala ya luso lanu, n'kuona ngati mwafika pa nambala imene wotsogolera waika. Nambala iliyonse ili ndi mwayi wofanana, 5 pa 100, motero katswiri amatha kulephera mochititsa manyazi pomwe mbuli ikupambana. Ena amazikonda zimenezi chifukwa patebulo pamakhala kufuula. Koma masewerawa amafuna seti yonse ya madayisi 7: ya mbali 4, 6, 8, 12 ndi 20, kuphatikizapo awiri a mbali 10.

Banja lachiwiri ndi la madayisi wamba a mbali 6, omwe aja a ludo. Kwa ife a ku Zomba banja ili ndiye lofunika kulilemba patsamba loyamba. Apocalypse World, ya Vincent Baker, inatuluka mu 2010 ndipo inabala masewera ena ambiri otchedwa Powered by the Apocalypse, monga Dungeon World ndi Monster of the Week, onse a mu 2012. Mumaponya madayisi awiri n'kuphatikizapo kanambala kakang'ono ka luso. Mukapeza 10 kapena kuposa, zatheka bwinobwino. Mukapeza 6 kapena kutsika, zakuvutani ndipo wotsogolera amabweretsa tsoka. Koma pakati apo, 7 mpaka 9, zimatheka ndi mtengo wake. Tiyerekeze mpangankhani wanu akufuna kuwoloka Likangala itasefukira, ndiye mwapeza 8: wawoloka ndithu, koma chikwama chokhala ndi kalata yofunika ija chapita ndi madzi. Madayisi awiri amatha kugwa m'njira 36, ndipo popanda chowonjezera, njira 15 zimagwera pakati pomwepa, 15 pansi, 6 zokha pamwamba. N'chifukwa chake nkhani za masewerawa siziima: pafupifupi nthawi iliyonse pamabuka vuto latsopano. Ine ndimaona kuti gulu loyamba kumene liyenera kuyambira pano.

M'banja lomweli muli Traveller ya Marc Miller, ya mu 1977, yonena za maulendo a m'mlengalenga, imenenso imafuna madayisi awiri. Muli GURPS ya mu 1986, momwe mumaponya atatu n'kuyesetsa kusapitirira nambala ya luso lanu. Zotsatira zake zimakonda kuunjikana pa 10 ndi 11, choncho katswiri amakhaladi katswiri. Mulinso Blades in the Dark ya John Harper, ya mu 2017, momwe mumaponya madayisi angapo n'kuyang'ana yaikulu yokha: 6 ndi kupambana, 4 kapena 5 ndi kupambana kwa mavuto, 1 mpaka 3 ndi kugwa.

Banja lachitatu limawerengera pa 100. Lodziwika ndi Call of Cthulhu, imene Sandy Petersen analembera kampani ya Chaosium mu 1981. Ngati luso lanu lofufuza ndi 60, muyenera kuponya 60 kapena kutsika. Palibe chophatikiza, ndipo munthu amamva kamodzi kokha.

Otsalawo aikeni m'banja lachinayi. Vampire: The Masquerade ya mu 1991 imafuna mulu wa madayisi a mbali 10. Fate imagwiritsa ntchito madayisi anayi okhala ndi zizindikiro zophatikiza, zochotsera ndi mbali zopanda kanthu. Dread ilibe dayisi n'komwe: mumasolola timatabwa pa kansanja ka timatabwa tosanjikizana kotchedwa Jenga, ikagwa mpangankhani wanu wachoka m'nkhani.

Pambali pa dzina lililonse lembani cholowa m'malo mwa dayisi yosowayo. Zitsekerero 20 za mabotolo, zolembedwa 1 mpaka 20 n'kuikidwa m'kathumba, zimagwira ntchito ya d20 ndendende, bola muzibweza chimene mwatola musanatolenso. Pa d100, kutanthauza kuponya kowerengera pa 100 kwa banja lachitatu lija, tengani makadi osewerera, mupange milu iwiri kuyambira A mpaka 10. Mulu wina ndi wa makumi, wina wa nambala yotsiriza, ndipo 10 muziiwerenga ngati ziro. Za Fate n'zosavuta: pa dayisi ya ludo, 1 ndi 2 n'kuchotsera, 3 ndi 4 palibe kanthu, 5 ndi 6 n'kuphatikiza. Mapulogalamu a pafoni oponya madayisi aliponso, ambiri safuna intaneti, koma foni ikangokhala patebulo maso amathawira ku WhatsApp. Zitsekerero n'zabwinopo.

3. Yezani kulemera kwa malamulo, ndi kwa Chingerezi chake

Magulu atatu akwanira. Opepuka ndi a tsamba limodzi, monga Lasers & Feelings, ya John Harper yemweyo, imene aliyense angaitenge kwaulere. Apakati ndi monga GURPS Lite ya masamba 32, Fate Accelerated yosakwana masamba 50, ndi kabuku koyambira ka Call of Cthulhu. Olemera ndi aja otchuka: buku la osewera la Dungeons & Dragons la mu 2014 lili ndi masamba 320 ndipo wotsogolera ali ndi mabuku ena awiri pamwamba pake, pomwe buku lalikulu la Pathfinder la mu 2019 limapitirira masamba 600.

Koma masamba okha sanena zonse. Funsani kuti: ndani ayenera kuwerenga? Kusewera kwenikweni kumachitika m'Chichewa, kapena m'Chiyawo ngati gulu latero, ndipo m'masewera ena munthu mmodzi akawerenga malamulo amakwanira kunyamula onse. Mu Dungeons & Dragons sizitero kwenikweni, chifukwa wosewera aliyense ali ndi maluso ndi matsenga ake ofotokozedwa m'ndime zazitali zimene ayenera kuzidziwa yekha. Mu masewera a Powered by the Apocalypse aliyense amalandira pepala lake la masamba ngati awiri, ndipo mungathe kulimasulira pamanja m'kope madzulo amodzi. Kusiyana kumeneku ndi kumene kumachititsa kuti mlongo wanu wa Fomu 2 akhale nawo patebulo kapena angoonerera.

Ikani chizindikiro pa masewera amene eni ake anawapereka kwaulere. Malamulo oyambira a Dungeons & Dragons alipo aulere, a Pathfinder ali pa webusaiti ya Archives of Nethys movomerezeka, ndipo Ironsworn ya Shawn Tomkin, ya mu 2018, buku lonse n'laulere. Ambiri mwa olemba masewera ang'onoang'ono ndi anthu wamba odalira kagulitsidwe ka mabuku awo, choncho musadzaze mndandanda wanu ndi makope akuba pomwe aulere alipo okwanira chaka chathunthu.

4. Nthawi, komanso ngati pakufunika wotsogolera

Masewera ena amatha tsiku lomwelo. Ena anapangidwa kuti nkhani izipitirira sabata ndi sabata kwa miyezi, ampangankhani akukula mphamvu. Zomba ndi tauni ya sukulu. Ngati theka la gulu lanu ndi ophunzira a ku Chanco, nkhani yaitali imafa holide ikangofika. Ndipo amene amachokera ku Chinamwali, ku Matawale kapena ku Sadzi amafuna kunyamuka kusanade. Nkhondo imodzi yokha mu Pathfinder kapena Dungeons & Dragons imatha kudya ola lathunthu, ndiye ngati muli ndi maola awiri basi, lembani zimenezo poyera.

Ngati palibe wofuna kutsogolera, patulani kagulu ka masewera opanda wotsogolera. Fiasco ya Jason Morningstar, ya mu 2009, imaseweredwa ndi anthu atatu mpaka asanu ndipo imatha m'maola awiri kapena atatu. Ironsworn mutha kusewera awiri, ngakhalenso nokha.

5. Tsopano lembani mtundu wa nkhani

Pano m'pamene mulembe zija za malupanga, za m'mlengalenga, za upandu, za zoopseza. Sizitenga nthawi. Chofunika kwambiri ndi funso limene muwonjezerepo: kodi nkhaniyi ingasamutsidwe n'kubwera kuno?

Call of Cthulhu imasamuka mosavuta. Nkhani zake zambiri zimachitika m'zaka za m'ma 1920, nthawi imene Zomba inali likulu la Nyasaland, udindo umene inausunga mpaka 1975 pamene likulu linapita ku Lilongwe. Kalaliki wa boma, mphunzitsi wa mishoni ndi msilikali wa KAR (King's African Rifles, gulu lankhondo la atsamunda) akufufuza za munthu wosowa pa phiri, chifunga chitaphimba njira ya ku dzenje la Chingwe: malamulo simusintha ngakhale limodzi. Monster of the Week nayo imakhazikika bwino kunyanja ya Chilwa kapena pa chilumba cha Chisi. Dungeons & Dragons imavutirapo chifukwa mizu yake ili m'malinga ndi zida za ku Ulaya wakale, ngakhale ena anayesapo kuibweretsa ku Africa, monga buku la Nyambe limene Atlas Games inatulutsa mu 2002.

Mukatenga nkhani za kwathu, samalani ndi zimene zinapwetekadi anthu. Napolo wa mu Disembala 1946 anapha anthu mu Zomba muno, ndipo alipo mabanja amene amamukumbukira.

6. Musasiye gawo la chenjezo

Masewera ambiri otchuka ali ndi matsenga, ziwanda kapena magazi. Ngakhale ku America komweko, m'zaka za m'ma 1980 makolo ndi mipingo ina anadandaula kwambiri za Dungeons & Dragons, mpaka kampani ya TSR, imene inkatulutsa masewerawa nthawiyo, inachotsa mawu otchula ziwanda ndi adyerekezi m'mtundu wa mu 1989. Kuno nkhaniyi ndi yolemera kuposa pamenepo, chifukwa okalamba ena amazunzidwa chifukwa chongowaganizira ufiti. Gulu lisamaseweretse nkhani yoloza chala gogo wa m'mudzi. Lembani pa dzina lililonse zimene zilimo, kuti amene sangamasuke nazo asankhe Traveller kapena Fiasco popanda kudzifotokoza kwa aliyense.

Kumbukiraninso kuti kholo likaona achinyamata atazungulira madayisi ndi makadi liganiza za njuga. Lembani pamwamba pa kope kuti pano sitibetcha ndalama, ndipo mayi akafunsa, aitaneni amvetsereko pang'ono. Patebulo ikani kapepala kolembedwa X, njira imene anayambitsa John Stavropoulos: wina akakagwira, nkhaniyo mumaidumpha osamufunsa chifukwa.

7. Phatikizani zonse pamzere umodzi, kenako yesani

Masewera alionse akhale ndi mzere wake kapena kakhadi kake. Mwachitsanzo: Monster of the Week, 2012, madayisi awiri a ludo, malamulo apakati, wowerenga kwambiri ndi wotsogolera, nkhani imodzi imatha kukwana tsiku limodzi kapena awiri, osaka zilombo, imasamuka kubwera kuno, muli zoopseza ndi matsenga. Pamapeto lembani amene akusunga buku kapena fayilo yake, chifukwa masewera opanda mwini m'gulu amangokhala dzina.

Musayambe ndi mayina 40. Asanu ndi atatu kapena khumi akwanira, ndipo amene simunawasewerepo muwalembe kuti “sitinayese”. Mukatero perekani kopelo kwa munthu amene sanaonepo RPG, mumuuze kuti mulipo anayi, muli ndi madayisi awiri ndi maola atatu, asankhe yekha. Akasankha msanga chinthu chotheka, mndandanda uli bwino. Akayamba kufunsa kuti d20 n'chiyani kapena buku lili ndi ndani, bwererani pamzere umene wamusokonezawo mukaukonze musanawonjezere dzina lina.