Musanagule bolodi ya kompyuta ya m'fakitale, tsegulani kaye bokosi

Kompyuta yoyendetsa makina ikafa, musathamangire kuitanitsa bolodi yatsopano. Ine ndinathamangapo. Ndinadikira katundu milungu itatu, atafika n'kukana kulowa.

Bolodi imene ndikunenayi ndi khadi lalitali mamilimita 338, lonyamula zonse pamodzi: pulosesa, memole, polumikizira netiweki ndi sikirini. Siigona pansi ngati ya kompyuta za muofesi. Imaima chilili, mano ake agolide atasomekedwa m'thabwa lina lotchedwa backplane, lomwe ntchito yake n'kungolumikiza makhadi. Ikapsa mumangoizula n'kusomekapo ina, makhadi enawo osawakhudza.

Ndiye zimitsani makina, zulani chingwe cha magetsi, masulani chitsulo chopanira makhadi, muyang'ane manowo. Kawirikawiri mupeza umodzi mwa mibadwo iwiri ya muyezo wa mabolodiwa, wotchedwa PICMG. PICMG 1.0, ya 1994, ili ndi mano a mitundu iwiri, ISA ndi PCI. PICMG 1.3, ya 2005, inabwera ndi mtundu waliwiro wa PCI Express, mano a ISA ilibe. Ziwirizi sizilowana ngakhale mukakamize bwanji. Ine ndinasirira liwiro n'kugula ya 1.3, chikhalirecho khadi lowerenga sikelo ya malole pamalopo linali la ISA, lakuda ndi fumbi koma lamoyo ndithu. Malole anali pamzere, ine mutu uli m'bokosi. Masiku ano ndimajambula ndi foni nambala yolembedwa pa backplane ndi pa khadi lililonse, n'kutumizira wogulitsa ndisanalipire. Makampani a ku Taiwan monga Advantech, IEI ndi Axiomtek amalemba m'mabuku awo kuti bolodi yakuti imayenda ndi backplane yakuti.

Funsaninso pulogalamu yomwe makinawo amayendera. Ngati ndi yakale, ya DOS kapena Windows XP, bolodi yamakono ikhoza kusowa madalaivala, timapulogalamu tothandiza kompyuta kugwiritsa ntchito zida zake.

Kenako werengani malo a COM kumbuyo, osomekapo zingwe zotumizirana mauthenga ndi zida zina, mwa njira ya RS-232 kapena RS-485. RS-232 imafika mamita 15 basi, pomwe RS-485 imatha kufika 1,200. Pa mabolodi ambiri si malo onse a COM amene amasinthika kukhala RS-485, ndipo kusinthako kumachitika mu BIOS (pulogalamu ya pa bolodi yomwe imayamba kompyuta ikangoyaka) kapena ndi jampa, kapulasitiki kakang'ono ngati njere ya mpunga kamene kakagwa pansi mudzakasaka mpaka madzulo.

Chimene ndimachikonda kwambiri ndi watchdog, kutanthauza galu wolondera. Ndi kawotchi kamene pulogalamu imayenera kukagwedeza pafupipafupi. Pulogalamu ikauma, nthawi imene munaika n'kutha (pa mabolodi ambiri mumasankha pakati pa sekondi 1 ndi 255), bolodi imadziyambitsanso yokha, inu muli mtulo kunyumba. Koma galu ameneyu salondera pokhapokha wolemba pulogalamu atamudzutsa. Ambiri amalipira ndalama zake osamugwiritsa ntchito.

Komwe magetsi amathimathima, funani jampa ya AT/ATX. Mukaiika pa AT, kompyuta imayaka yokha magetsi akabwera, osadikira chala cha munthu.

Za kutentha, mabolodi ambiri amalembedwa madigiri 0 mpaka 60, koma kumeneko n'kutentha kwa m'kati mwa bokosi, osati kwa m'chipinda. Sefa ya fani ikatsekeka ndi fumbi, bokosi limasanduka uvuni. Ichapeni, iume bwino, muibwezere. Musanatseke chivundikiro, yezani kabatire ka CR2032. Kakatsika kwambiri pa mavoti 3, bolodi imaiwala tsiku ndi zonse munakonza mu BIOS, ndipo malisiti a pa sikelo amayamba kutuluka ndi chaka cholakwika.