Momwe mungapambanire nkhondo ya Acre mu Age of Empires II

Amene akusewera nkhani ya Saladin, mfumu ya Asilamu imene inkalimbana ndi asilikali a ku Ulaya, mu gemu ya nkhondo ya pakompyuta ya Age of Empires II amayenda bwino mpaka gawo lachisanu ndi chimodzi, The Lion and the Demon, ndipo ambiri amagwera pamenepo. Ineyo ndinagonja kanayi ndisanazindikire chimene chimandigwetsa. Gemuyi inatuluka mu 1999, inakonzedwanso mu 2019 ndi dzina loti Definitive Edition, koma gawo limeneli likuvutitsabe anthu.

Nkhani yake yachokera m'mbiri yeniyeni. Mzinda wa Acre, umene uli m'mbali mwa nyanja m'dziko la Israel la lero, unazingidwa ndi asilikali a ku Ulaya kuyambira 1189 mpaka 1191, ndipo unagwa Mfumu Richard ya ku England itafika. Mu gemu muli mbali ya Saladin ndipo mwapatsidwa mwayi wosintha zimenezo: mumange Wonder, chinyumba chachikulu chapadera, mkati mwa mzinda, muiteteze mpaka nthawi yowerengedwa pakanema ithe. Adani ndi angapo, ena akubwera pamtunda, a ku Genoa, mzinda wa ku Italy, akubwera panyanja.

Choyamba, gwirani mtima, musathamangire kumanga Wonder. Imadya mitengo 1,000, golide 1,000 ndi miyala 1,000. Mukataya chuma chonsecho m'mphindi zoyambirira, mutsala opanda mwala wokonzera linga, ndipo adani akupezani muli manja lende. Wosewera bawo wabwino amayamba wawerenga nkhomo asanatape njombwa. Chimodzimodzi apa: imitsani gemu, muone zipata zonse, muone kumene kuli golide ndi miyala, kenako muchulukitse ma villager, anthu wamba amene amasonkhanitsa chuma ndi kumanga.

Kenako pitani kumsika. Anthu a Saladin, amene gemu imawatchula kuti Saracens, amadulidwa kandalama kochepa pogula ndi pogulitsa kusiyana ndi mitundu ina. Chakudya kapena mitengo ikachuluka, gulitsani mugule miyala. Koma gulani pang'onopang'ono, chifukwa mtengo umakwera nthawi iliyonse mwagula, monga chimanga chimachitira pamsika wa pa boma mu Januwale.

Tsopano tifike pamene pagona nkhani. Chimene chimagwetsa Acre si asilikali a pamahatchi ayi, ndi ma trebuchet, makina aja oponya miyala kuchokera kutali. Amaima pamalo poti mivi ya pa castle yanu, nyumba ya miyala yotetezera mzinda, siwafika, n'kumagumula linga mwakachetechete inu muli kalikiliki kwina. Ngakhale m'mbiri, makina otere analipo pa Acre, ndipo amodzi mwa iwo anali ndi dzina loti Bad Neighbour. Ine kulakwa kwanga kunali kubisala m'linga n'kumadikira. Linga silidziteteza lokha. Muyenera kukhala ndi gulu lotuluka panja.

Gulu limenelo likhale la ma Mameluke, asilikali okwera ngamila amene amapangidwira ku castle. Amaponya malupanga ali chapatali pang'ono, ndipo amatha mahatchi a adani ngati moto wolusa kutchire. Pangani okwana 20 kapena kuposa, muwasankhe onse, mudinde Ctrl ndi 1 kuti mukangodinda 1 muziwapeza. Mukamva belu loti nyumba yanu ikuomberedwa, musayang'ane nyumbayo, tsatani kumene mwala ukuchokera. Trebuchet ikatambasulidwa siyenda, imafuna nthawi kuti ipindidwe, komanso silimbana ndi munthu amene wafika pafupi. Tulukani, iphwanyeni, bwererani m'linga nthawi yomweyo. Musatengeke n'kuthamangitsa adani mpaka kumisasa yawo, mukathera komweko.

Chenjerani ndi oponya mivi a Richard, a uta wautali aja. Amalasa kuchokera patali kwambiri ndipo ma Mameluke ndi okwera mtengo, amafuna golide wambiri. Kwa amenewa tumizani okwera mahatchi opepuka, amene amangofuna chakudya basi, kapena muike ma onager, makina oponya miyala pagulu la adani, kuseri kwa linga. Ansembe awiri atatu aime pafupi ndi chipata kuti azichiritsa ovulala akabwerako.

Za kunyanja, ife a kuno ku Mangochi sitifunika kuuzidwa kuti madzi ndi msewu. Amene anakulira m'mbali mwa Shire kapena ku Malombe amadziwa kuti bwato limafika pakhomo usanalimve. Pangani zombo zankhondo zokwanira, muzisunge pamodzi pafupi ndi doko, osazimwaza. Zombo za Saracens zimaponya mivi mofulumira kuposa za ena, ndiye zikakhala gulu zimalimba. Castle imodzi m'mbali mwa gombe imathandiza kwambiri.

Mukaona kuti mwabweza adani kawiri katatu popanda linga kugumuka, ndiye nthawi yomanga yakwana. Malo ake asankheni mosamala: pakati pa mzinda, kutali ndi linga, kutalinso ndi gombe. Ikanipo ma villager ambiri nthawi imodzi kuti ntchito ithe msanga, ndipo ikatha musawabalalitse onse. Ena akhale pompo kuti azikonza Wonder ikagundidwa, ena ayendere linga. Siyani miyala ina m'nkhokwe, chifukwa kukonza castle kumadyanso miyala.

Sevani gemu musanayambe kumanga, musevenso mukamaliza, pa mayina osiyana. Ine magetsi anandithimira nthawi itatsala pang'ono kutha, batire ya laputopu ili yakufa kale, ndipo ndinayambiranso pachiyambi. Komanso ndi kutentha kwa kuno mu Okutobala, musaike laputopu pabedi kapena pamphasa. Ikhale patebulo, kumbuyo kwake mutsamiritse pa kathabwa kuti mpweya uzilowa, apo ayi iyamba kukakamira nthawi imene adani adzaza pazipata.

Nthawi ikayamba kuwerengedwa, musiye zonse zofuna kukulitsa mzinda. Golide yense apite ku ma Mameluke olowa m'malo mwa amene afa, ndipo chala chanu chisachoke pa nambala 1.